Kuzindikira timabogi takale ta sitima m'belo la zidole

Belo la zidole likatsegulidwa pa msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe, zoyamba kutha ndi timagalimoto, mipira ndi zidole zaubweya. Kabogi ka sitima kopanda mutu wake, kopanda njanji, kamatsalira pansi pa thumba pamodzi ndi zothyokathyoka, ndipo dzuwa likamapendeka kamapita pamulu wa mtengo wotsikitsitsa kapena kuperekedwa ngati basela kwa mayi wogula zambiri. Nthawi zambiri palibe chomwe venda wataya pamenepo, chifukwa timabogi tochuluka ta m'mabelo ndi tapulasitiki tatsopano. Koma mwa apo ndi apo mumapezeka kena kachitsulo komwe kadapangidwa zaka 60 kapena 90 zapitazo, ndipo ku Britain, Germany, America ndi South Africa kuli anthu akuluakulu omwe amasaka timabogi totere n'kumatisunga m'makabati agalasi.

Msika wa katunduyu uli kunjako, si kuno. Komabe njira yomwe katundu wa kaunjika amadzera ndi yomwe imapatsa venda mwayi. Zidole zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zimayamba zadutsa m'manja mwa osankha kumayiko komwe zikuchokera, ndipo osankhawo amadziwa mayina atatu kapena anayi akuluakulu: Hornby wa ku Liverpool, Märklin wa ku Göppingen m'dziko la Germany, ndi Lionel wa ku New York. Mutu wa sitima wokhala ndi dzina lotere sufika pa belo kawirikawiri. Chomwe chimapulumuka ndi kabogi konyamula anthu ka kampani yaing'ono, yomwe idatseka kalekale, kokhala ndi zilembo ziwiri kapena zitatu zokha kunsi kwake. Wosankha wotanganidwa amakaona ngati chitini wamba.

Wotolera sitima zakale naye ali ndi vuto lake lomwe ndi mwayi kwa wogulitsa. Sitima za ana zinkagulitsidwa m'bokosi limodzi: mutu, timabogi tiwiri kapena titatu, ndi njanji zozungulira. Ana ankasamala mutu chifukwa ndi womwe unkayenda, pomwe timabogi tinkapondedwa, kuiwalika kumunda kapena kutayika posamuka. Lero munthu amatha kukhala ndi mutu ndi bokosi koma kabogi kamodzi n'kusowa, ndipo wotere ndi yemwe amalipira bwino kabogi koyenera.

Poyambira ndi maginito ndi rula

Zida zoyezera si zodula. Kamaginito kochotsa mu sipika yakufa, rula ya mwana wa sukulu yokhala ndi mamilimita, ndi tochi ya pa foni n'zokwanira.

Maginito akamata pathupi la kabogi, ndiye kuti n'kachitsulo chopyapyala chokutidwa ndi tini, chomwe makampani ambiri ankagwiritsa ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka m'ma 1950. Timabogi totere timakhala topepuka, ndipo tikatembenuzidwa timaonetsa timalilime tachitsulo tolowetsedwa m'timabowo n'kupindidwa. Umo ndi momwe ankalumikizira makoma, denga ndi pansi popanda masikuluwu. Mawindo, zitseko ndi zilembo nthawi zambiri sizojambula ndi bulashi koma zodindidwa pachitsulocho chisanapindidwe, monga zimakhalira pa chitini cha mabisiketi. Chala chikadutsa pamwamba sichimva mabampu. Kabogi kopakidwa utoto ndi manja, kokhala ndi malo ena okhuthala ndiponso tiziduswa tolumikizidwa ndi nsembo wosungunula, kakhoza kukhala kakale kuposa pamenepo kapena ka kampani yodula, ndipo kotere n'koyenera kukaika padera nthawi yomweyo.

Maginito akakana koma kabogi n'kukhala kolemera ndi kozizira m'manja, n'kachitsulo chosungunula cha zinki. Umu ndi momwe kampani ya Lone Star ya ku England inkapangira timasitima take tating'onoting'ono kuyambira mu 1957. Akakana ndipo n'kopepuka, kawirikawiri ndi pulasitiki, koma pulasitiki sikutanthauza kuti n'katsopano, monga zionekere kutsogoloku.

Rula imayeza kutalikirana kwa mawilo a kumanzere ndi kumanja, komwe kumasonyeza njanji yomwe kabogiko kankayendapo. Miyeso yake njodziwika padziko lonse. Njanji ya O gauge imatalikirana mamilimita 32, ndipo timabogi tachitini tambiri ta m'ma 1920 mpaka m'ma 1950 n'ta muyeso umenewu. Ya OO ndi HO ndi mamilimita 16.5. Ya TT ndi 12, ya N ndi 9, pomwe yaikulu ya Gauge 1 ndi 45. Kabogi ka Gauge 1 kachitini, ngati katapezeka, kawirikawiri kamakhala ka nthawi ya nkhondo yachiwiri isanayambe. Pa OO ndi HO pali kamsampha: njanji ndi imodzi koma matupi ngosiyana. OO, yomwe ndi ya ku Britain, imachepetsa sitima yeniyeni ka 76, pomwe HO imachepetsa ka 87, kotero kabogi ka HO kamaoneka kafupi ndi kotsika kakaikidwa pambali pa ka OO. Wogula woyamba kufunsa amafunsa muyesowu, ndipo wogulitsa wosaudziwa amaoneka kuti sakudziwanso mtengo.

Kabogi ka mawilo osagwirizana ndi muyeso uliwonse mwa iyi, kapena ka mawilo osalala opanda mkombero wogwira njanji, n'kongokoka pansi. Tambiri totere tidachokera ku Japan m'ma 1950 ndi m'ma 1960, ndipo tili ndi otolera ake, makamaka tikakhala ndi chizindikiro cha TM cha Modern Toys kapena TN cha Nomura.

Mawu osonyeza dziko ndiwo kalendala

Dzina la kampani lisanapezeke, mawu osonyeza komwe chidolecho chidapangidwa amatha kupereka zaka zake. "Made in US Zone Germany" ndi mawu a zaka zotsatira nkhondo yomwe idatha mu 1945, pomwe dziko la Germany lidagawidwa zigawo. "Western Germany" kapena "West Germany" sangakhale a chaka cha 1990 chitadutsa, chifukwa ndi chaka chomwe mayiko awiriwo adaphatikizananso. "Made in Occupied Japan" ndi a zaka zochepa zokha nkhondo itatha, mpaka 1952. Liwu limodzi lokha loti "Foreign" limapezeka pa zidole zambiri za ku Germany ndi Japan zomwe zinkagulitsidwa ku Britain, pomwe "Empire Made" kawirikawiri limatanthauza Hong Kong wa m'ma 1950 ndi m'ma 1960.

Mbali inayo, chizindikiro cha CE chidayamba kuikidwa pa zidole za ku Ulaya cha m'ma 1990. Kabogi kokhala ndi CE, ngakhale kataoneka kachikale chotani, si kakale. Mfundo iyi yokha ikhoza kuchotsa theka la chisokonezo pa benchi.

Mitundu ndi zilembo za pambali nazo zimathandiza, makamaka pa timabogi totengera sitima za ku Britain. Kuyambira 1923 mpaka 1947 njanji za dzikolo zidali m'manja mwa makampani anayi: LMS ya mabogi ofiira modera, LNER ya mabogi ooneka ngati thabwa lopolishidwa, GWR ya mabogi abulawuni pansi ndi oyererako pamwamba, ndi Southern ya mabogi obiriwira. Mu 1948 boma lidatenga zonse n'kupanga British Railways, ndipo mabogi oyamba a bungweli adali ofiira pansi ndi oyererako pamwamba. Nambala 3 pa chitseko imasonyeza kalasi yachitatu, yomwe ku Britain idasinthidwa dzina kukhala yachiwiri mu 1956. Mabogi abuluu ndi otuwa adabwera m'ma 1960. Apa pafunika kusamala pang'ono: mtundu umangonena kuti chidole sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti, koma sunena kuti ndi cha chakacho. Makampani ankapitiriza kudinda zilembo za LMS patapita zaka kampaniyo itatha, ndipo mpaka lero akudindabe.

Mayina oyenera kuwasunga m'mutu

Mzinda wa Nuremberg ku Germany ndi womwe udali likulu la zidole zachitini, ndipo zilembo zambiri zosamveka za kunsi kwa timabogi zimathera ndi N woimira mzindawu. GBN ndi Gebrüder Bing, kampani yomwe pa nthawi yake idali yaikulu kwambiri ndipo pambuyo pake idagwiritsa ntchito BW; idagwa kumayambiriro kwa m'ma 1930. KBN ndi Karl Bub. Bing itagwa, Bub adatenga zina mwa zikombole zake za sitima, n'chifukwa chake timabogi ta makampani awiriwa nthawi zina timafanana ngati mapasa, kusiyana kwake n'kukhala chizindikiro chokha. Kwa wogulitsa chizindikirocho ndi ndalama, choncho chithunzi chake chiyenera kukhala chooneka bwino. JDN ndi Johann Distler, ndipo Fandor ndi dzina lomwe kampani ya Kraus inkaika pa sitima zake.

Dzina la Fandor lili ndi mbale wake ku America. Abale awiri a banja la Forchheimer, omwe adagwirapo ntchito ku Kraus, adatsegula kampani ku Newark m'chigawo cha New Jersey mu 1924 n'kungotembenuza dzinalo kukhala Dorfan. Timabogi tambiri ta Dorfan timadziwika msanga chifukwa m'mawindo mwake muli tianthu tokhala pansi ngati apaulendo. Kampaniyi sidakhalitse, idasiya kupanga m'ma 1930, ndipo zitsulo zake za zinki zambiri zidafumbutuka, kotero chomwe chatsala chili bwino chimasakidwa. Ina ya ku America ndi Hafner ya ku Chicago, yomwe inkapanga sitima zoyendera kiyi basi, ndipo timabogi take tambiri tidalembedwa kuti "Overland Flyer" pamwamba pa mawindo. Marx ndi dzina lalikulu ku America koma lidalinso ndi fakitale ku Dudley m'dziko la England. Chizindikiro chake ndi zilembo MAR zokhala pa X wamkulu mkati mwa bwalo.

Popeza mabelo ena a zidole ndi katundu wa m'nyumba amachokera ku Britain, mayina a kumeneko nawo angakumane ndi venda. Chad Valley idali ya ku Harborne mu mzinda wa Birmingham. Mettoy idayambitsidwa ku Northampton mu 1933 ndi Philipp Ullmann, yemwe adathawa ku Germany, ndipo ndi kampani yomweyi yomwe pambuyo pake idapanga timagalimoto ta Corgi. Brimtoy ya ku London idaphatikizana ndi Wells mu 1932, kotero pena pamalembedwa Brimtoy, pena "Wells o' London". Makampani atatuwa ankapangira mabanja omwe sakadatha kugula Hornby. Chitsulo chawo n'chopyapyala, kawirikawiri mawilo anayi okha, ngowe zolumikizira n'zachidule. Tidapangidwa tambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake kamodzi kodzimbira sikabweretsa ndalama yodabwitsa. Koma popeza tinkaonongeka msanga, kosaphwanyika kokhala ndi bokosi lake ndi nkhani ina.

Pa Chad Valley pali chenjezo. Dzinali lidagulidwa ndi sitolo za Woolworths mu 1988, kenako mu 2009 lidapita kwa eni ake a sitolo za Argos, ndipo lakhala likuikidwa pa zidole zatsopano zapulasitiki ndi zathabwa zomwe zimadzaza m'mabelo. Venda woona dzina la Chad Valley asathamangire kukweza mtengo. Yakale ndi yachitini yolembedwa "Made in England".

Palinso dzina lina losiyana ndi onsewa: Exley, ya ku Bradford. Iyi sinkapanga zoseweretsa ana aang'ono koma mabogi aatali, a mawilo asanu ndi atatu, otengera bwino lomwe mabogi enieni, mu O ndi OO. Dzina la Exley likaoneka kunsi kapena kumapeto kwa bogi, bogilo lisapite pamulu mpaka mtengo wake utafufuzidwa.

Ku mbali ya pulasitiki, timabogi tofiira tafupi tomwe kampani ya Rovex idapanga mu 1950 n'kumagulitsa m'sitolo za Marks & Spencer ndi tomwe tidayambitsa sitima za Tri-ang. Pulasitiki ya nthawi imeneyo imapindika ikakalamba, moti kabogi kamakhota ngati nthochi. Kukhotako ndi chilema komanso umboni wa zaka, chifukwa Tri-ang idasintha mtundu wa pulasitiki cha mu 1956. Playcraft ndi dzina lomwe linkagulitsidwa ku Woolworths m'ma 1960; mabogi ake ali ndi mitundu ya British Railways koma adapangidwa ku France ndi kampani ya Jouef, pa muyeso wa HO, ndipo kunsi kumalembedwa "Made in France".

Kwa amalonda oyenda njira ya Johannesburg kapena Harare, dzina lofunika kwambiri ndi Lima, ya ku Vicenza m'dziko la Italy. Lima yokha si yosowa, mabogi ake a ku Ulaya ali mbwee. Koma kampaniyi idapanganso mabogi a South African Railways, kuphatikizapo a Blue Train ndi Trans-Karoo, ndipo awa ali ndi owafuna ku South Africa komweko. Bogi la Lima lokhala ndi zilembo SAR ndi SAS silifunika kuwoloka nyanja kuti lipeze wogula, ndipo izi zimachepetsa ndalama yotumizira. Lima yakale idagwa, ndipo dzina lake lidagulidwa ndi Hornby mu 2004.

Kutsuka ndiye kutaya ndalama

Chizolowezi cha pamsika n'chakuti katundu wakuda amatsukidwa kuti awale. Pa nsapato ndi zikwama n'zoona. Pa kabogi kakale, dzanja la wogulitsa ndi lomwe limaononga kuposa dzimbiri. Utoto wodinda ndi wopyapyala kwambiri. Waya wotsukira mapoto, sandipepala, sopo waufa, palafini kapena mankhwala owalitsira zitsulo amauchotsa pa mphindi imodzi, ndipo ukachoka subwerera. Madzi nawo amalowa m'timalilime tija n'kuyambitsa dzimbiri mkati. Chololedwa ndi kabulashi kofewa kouma ndi kansalu kouma, basi. Kupaka penti yatsopano, ngakhale mwaluso chotani, kumagwetsa mtengo, chifukwa wotolera amafuna utoto womwe udachoka nawo ku fakitale, ndi mikwingwirima yake yomwe. Kuwongola timalilime pofuna kuona mkati nakonso n'koopsa: timathyoka tikapindidwa kachiwiri kapena kachitatu.

Zinki ili ndi matenda ake. Zitsulo zina zosungunula zakale zidasakanikirana ndi zosafunika, ndipo pakapita zaka zimatupa, kuchita ming'alu ngati dothi la m'dambo louma, kenako n'kufumbutuka. Mawilo ndi ngowe ndi zomwe zimayamba. Palibe mankhwala ake, ndipo chinyezi chimafulumizitsa. Wogulitsa woona ming'alu yotere anene poyera, chifukwa kabogi kakafika kwa wogula katasweka, ndalama imabwezedwa ndipo yotumizira imapita pachabe.

Bokosi, ngakhale long'ambika, lisatayidwe kapena kumatidwa ndi selotepi. Nthawi zina ndi lokhalo lomwe lili ndi dzina la kampani ndi nambala ya kabogi. Denga likakhala lochoka lokha, lisungidwe pamodzi. Denga losowa, wilo losowa kapena ngowe yosinthidwa ndi zomwe ogula amayamba kuyang'ana. Bungwe la Train Collectors Association la ku America, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1954, lili ndi muyeso wa ubwino wa katundu kuyambira C-1, chinthu chongotengapo zida, mpaka C-10, chosagwiritsidwapo ntchito. Katundu wodzera m'belo, yemwe wafinyidwa ndi makina, kawirikawiri amakhala kumunsi kwa muyesowu, ndipo ndi bwino kuyamba kuwerengera mtengo kuchokera pamenepo.

Nkhani ina ndi yokhudza ana. Utoto wa zidole zakale ukhoza kukhala ndi mtovu. Ku America utoto wotere udaletsedwa pa zidole mu 1978 pokha. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo mwana wamng'ono amaika chilichonse m'kamwa. M'mphepete mwa chitini chodzimbira namo mumacheka. Choncho kabogi kachitini kakale, ngakhale katapezeka kuti n'kopanda mtengo kwa otolera, sikoyenera kugulitsidwa kwa kholo ngati choseweretsa cha khanda.

Masamu asanatumize

Mtengo woona si womwe wogulitsa wina walemba pa intaneti, koma womwe wogula adalipiradi. Pa eBay pali posankha poonetsa katundu yemwe adagulidwa kale, "Sold items", ndipo apo ndi poyenera kulemba dzina la kampani, muyeso wa njanji ndi liwu loti "coach" kapena "passenger car". Nyumba zogulitsa pa okushoni monga Vectis ya ku Thornaby m'dziko la England nazo zimaonetsa mitengo yomwe katundu adagulidwira. Ku South Africa kuli Bob Shop, yomwe kale inkatchedwa Bidorbuy. Kuyerekeza kukhale kwa zofanana: kabogi kodzimbira kopanda bokosi sikangatengere mtengo wa kabogi kowala ka m'bokosi, ngakhale dzina lili limodzi. Kusamale komanso ndi timabogi tachitini tatsopano topangidwa mwachikale, monga ta ACE Trains ya ku London, yomwe idayamba m'ma 1990. Tili ndi mtengo wake, koma totere tisalengezedwe kuti n'ta m'ma 1930.

Chomwe chimadya phindu ndi kutumiza. Mongoyerekeza, kabogi katagulidwa mapaundi 15, kutumiza n'kudya mapaundi 12, malo ogulitsirawo n'kudulapo gawo lawo, wogulitsa watsala ndi ya basi yopitira ku positi ofesi. Kabogi kamodzi ka Brimtoy kapena Mettoy kawirikawiri sikalipira ulendo wake. Nzeru ndi kusonkhanitsa: kukulunga kalikonse m'pepala lofewa, kusunga m'katoni pamalo ouma osafika dzuwa, mpaka tikwane tingapo, makamaka ta kampani imodzi ndi mtundu umodzi, chifukwa titatu tofanana timakopa wogula kuposa titatu tosiyana. Yemwe ali ndi m'bale ku Britain kapena ku South Africa angachite bwino kumutumizira zithunzi kaye, cha mbali zonse ziwiri, cha kumapeto, cha padenga, cha kunsi ndi cha chizindikiro, rula ili pambali, n'kugwirizana za gawo la aliyense ndi njira yolandirira ndalama katundu asananyamuke.

Kupikula belo lonse la zidole chifukwa chofuna kabogi kakale n'kutchova juga ndi mpamba. Belo ligulidwe pa masamu a zidole zomwe zimayenda tsiku ndi tsiku. Kabogi kakale n'kongotola, ndipo mtengo wake kwa venda ndi mphindi ziwiri zokatembenuza, kuikapo maginito ndi kuwerenga za kunsi. Kwa omwe amagula pamulu wa anzawo, nthawi yabwino yoyang'ana ndi madzulo, pomwe zotsalira zatsitsidwa mtengo. Malo ena oyenera kuponyako diso ndi pomwe banja likugulitsa katundu wa m'nyumba posamuka, chifukwa kumeneko mutu, timabogi, njanji ndi bokosi zimatha kupezeka zili pamodzi, ndipo zikakhala choncho zisagulitsidwe chimodzichimodzi.